Kodi manambala a pakompyuta angasonyeze kuti wantchito waphunziradi?

FUNSO: Ndimayang'anira antchito pa kampani yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda, yomwe ili ndi mashopu ku Chipata, Katete ndi Lundazi. Chaka chino tinayamba kuwaphunzitsa kudzera pa Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, ndipo aliyense amawerenga phunziro pa foni n'kuyankha mafunso. Pulogalamuyi imandionetsa amene watsegula phunziro, nthawi imene walowa ndi mamalikisi ake. Abwana akufuna kuti ndilembere makalata a chenjezo onse amene sanamalize. Kodi nditero? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Mayi, makalatawo muyambe mwawasunga kaye, chifukwa manambala amene muli nawowa akunena zambiri za phunzirolo kuposa za khalidwe la antchito anu.

Choyamba, musawerenge onse pamodzi, koma shopu iliyonse payokha. Mukapeza kuti a ku Chipata amaliza pomwe a ku Lundazi ambiri aima pa phunziro limodzimodzi, makamaka la vidiyo, n'kutheka kuti vuto ndi netiweki, mtengo wa bandulo kapena kuzima kwa magetsi, osati ulesi ayi. Moodle ili ndi pulogalamu ya pa foni yolola munthu kusunga phunziro m'foni ndi kuliwerenga popanda intaneti, ndipo ndi bwino kuti antchito aonetsedwe njira imeneyi asanaimbidwe mlandu. Paja safunsa anadya phula: imbirani foni awiri kapena atatu mwa iwo, mumve kuchokera pakamwa pawo chimene chinawaimitsa.

Kenako onani mafunso limodzi ndi limodzi. Ngati funso la kasungunulidwe ka mankhwala a mbozi za m'chimanga lalepheretsa pafupifupi aliyense, ngakhale amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri, ndiye kuti phunzirolo silinafotokoze bwino, kapena Chingelezi chake n'chovuta kwa munthu amene tsiku lonse amalankhula ndi alimi m'Chichewa, m'Chinsenga kapena m'Chitumbuka. Pamenepo chofunika kukonzedwa ndi phunziro. Za nthawi imene munthu wakhala pa tsamba musazikhulupirire kwambiri, pakuti foni ikhoza kukhala yotsegula mwini wake akunyamulira kasitomala thumba la feteleza.

Mu 1959, katswiri wina wa ku America, Donald Kirkpatrick, anafotokoza zinthu zinayi zoyesera maphunziro a pa ntchito: mmene ophunzira awalandirira, zimene aphunzira, mmene kagwiridwe kawo ka ntchito kasinthira, ndi phindu limene kampani yapeza. Kompyuta imakuthandizani pa ziwiri zoyambazo basi. Zinazo muyenera kukaziona nokha m'shopu. Kodi wogulitsa akufunsa mlimi kukula kwa munda wake asanamuuze muyeso wa mankhwala? Kodi akumukumbutsa zovala zodzitetezera popopera? Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa malangizo olakwika akhoza kuwononga mbewu za banja lonse ngakhale kuvulaza munthu.

Kumbukiraninso kuti mamalikisi okhala ndi dzina la munthu ndi zinsinsi zake, ndipo lamulo la ku Zambia la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti mwini wake adziwe zimene zikusonkhanitsidwa ndi cholinga chake. Choncho musawamate pakhoma kapena kuwatumiza m'gulu la WhatsApp. Kwa abwana pitani ndi manambala a shopu iliyonse, mafunso amene avuta ambiri, ndi pempho la bandulo ndi ola limodzi pa sabata loti antchito aziphunzira m'nthawi ya ntchito.