Funsani Dokotala: Anandigwiririra kundende, sindinauzepo munthu

Funso: Adokotala, ndinatuluka kundende chaka chatha. Ndili kumeneko, mkaidi wina wamphamvu m'chipinda chathu ankandigwiririra usiku, kukacha n'kundigawira chakudya. Sindinalimbane naye. Panopa sindiona tulo, ndimagona nditatsamira khoma, ndipo akazi anga akandikhudza mwadzidzidzi ndimawakalipira. Kodi ndikadali mwamuna?

Yankho: Bambo, ndinu mwamuna ndithu, ndipo wolakwa ndi amene anakuchitani nkhanzayo. Kulandira chakudya sikunali kuvomera. Munthu wanjala, wotsekeredwa chipinda chimodzi ndi womuopseza, angakane bwanji?

Chimene chimawadya mumtima amuna ambiri ndi funso loti "bwanji sindinamumenye?" Mantha akafika poipa, thupi limatha kungouma gwaa, mawu osatuluka, manja osayenda. Munthu sachita kusankha zimenezi. Nditchulenso china ngakhale simunafunse, poti n'chimene ambiri amabisa: ena maliseche amadzuka, mwinanso kutulutsa umuna, nkhanzayo ili mkati. Imeneyo ndi mitsempha chabe, imachita yokha ikakhudzidwa. Sizitanthauza kuti munafuna.

Kusowa tulo, kudzidzimuka ndi ukali zikapitirira mwezi umodzi, timaganizira matenda a m'maganizo otchedwa PTSD, amene amabwera munthu akakumana ndi zoopsa kwambiri. Ubongo umakhala ukadali pa ulonda ngati mukadali m'chipinda chija, n'chifukwa chake dzanja la akazi anu mumdima limakuopsani. Mowa ndi chamba zimagonetsa msanga koma tulo take timakhala toduladula, ndipo mantha aja satha.

Matendawa ali ndi chithandizo. Pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi wa zaumoyo wa m'maganizo. Chimathandiza kwambiri ndi uphungu wolunjika pa zimene zinachitikazo, pang'onopang'ono, osakukakamizani. Ena amapatsidwanso mankhwala monga sertraline kapena fluoxetine. Mukayezetsenso HIV ndi chindoko. Kwa inu nthawi ya PEP inadutsa, koma amene zangomuchitikira adziwe kuti mankhwala oteteza ku HIV amenewa amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, n'kumwa masiku 28.

Ngati mumaganiza zodzipha, musadikire mawa, pitani lero lomwe ndi munthu amene mumamukhulupirira.

Kwa akazi anu, simukuyenera kufotokoza zonse tsiku limodzi. Mutha kuyamba ndi kuti, "Kundende kunandichitikira zoipa. Usiku uziyamba wanditchula dzina usanandikhudze."