Madzi ochokera ku suweji: tithirire kapena ayi?

Mayi wina amene dimba lake lili kumunsi kwa paipi yotulutsa madzi a suweji ya mzinda wafunsa kuti: "Ndiwo zanga zimabiriwira ngati ndathira feteleza, koma anzanga akuti ndikudyetsa anthu matenda. Zoona n'ziti?"

Mayi, zonse ziwiri n'zoona. Madziwo ali ndi nayitirojeni ndi fosiforasi, zomwe zija mumagula m'thumba la feteleza, ndiye masamba angalekerenji kubiriwira? Nkhani yagona pa mmene madziwo ayeretsedwera asanafike kwa inu. Zonyansa zikafika koyeretserako zimayamba zadutsa pa zitsulo zokola mapulasitiki ndi nsanza, kenako mchenga umadikha pansi. M'maiko otentha, mizinda yambiri imagwiritsa ntchito madamu otsatizana. Loyamba limakhala lakuya mamita 2 mpaka 5, ndipo matope amawolera pansi pake. Otsiriza amakhala osaya, mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, kuti dzuwa lilowe n'kupha tizilombo toyambitsa matenda. Ulendo wonsewu umafuna masabata. Koma damu likadzaza matope, kapena anthu akachuluka kuposa amene linakonzedwera, madzi amangodutsa mothamanga n'kutuluka ndi tizilombo ta kolera, tayifodi komanso mazira a njoka za m'mimba.

Mazirawa ndi amene ine ndimaopa kwambiri. Saoneka ndi maso, ndipo m'dothi lonyowa amakhala amoyo miyezi yambiri, ena mpaka zaka. N'chifukwa chake malangizo a 2006 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati madzi othirira asapitirire dzira limodzi pa lita. Madzi angaoneke mbee m'chidebe koma ali nawo.

Ngati mulibe madzi ena, thirirani m'ngalande kuti madzi ayende pansi, osati ndi kheni pamwamba pa masamba. Valani jombo, ndipo ana asasewere m'ngalandemo. Bzalani mbewu zodya zitapsa, letesi musiyeni. Kwatsala masiku angapo kuti mukolole, lekani kuthirira ndi madziwo. Ndiye pali cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri: munthu wasamala zonsezi, kenako akuviika mitolo ya ndiwo mumtsinje womwewo kuti zisafote popita kumsika. Pamenepo wabwezera zonse. Tsukirani madzi abwino.

Madzi akasintha mtundu, akachita thovu kapena akamanunkha mankhwala, lekani kaye n'kukanena ku khonsolo. Mwina muli zotayidwa za m'mafakitale monga mtovu, ndipo zimenezo ngakhale mutaphika bwanji sizichoka.

Bambo wina akuti: "Nsomba zinayandama zitafa m'mawa wina, ndipo namasupuni watseka mtsinje. Kodi wina anathira poizoni?"

Mwina ayi, bambo. Zonyansa zikalowa mumtsinje zisanayere, mabakiteriya amazidya n'kumamaliza mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Zimafika poipa m'chilimwe, madzi akachepa ndi kufunda, makamaka mbandakucha, chifukwa usiku ndere nazonso zimangomwa mpweya osabweza. Namasupuni amanenepa ndi chakudya chomwe chikubiriwiritsa ndiwo za mayi aja.

Komatu tisangoloza chala ku khonsolo. Tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula imakokolera feteleza ndi ndowe zathu m'madzi momwemo. Siyani malo osalima m'mbali mwa mtsinje, muzikhala bango, vetiva ndi mitengo zoti zizisefa madzi ochokera m'munda. Sipuleya ndi mabotolo a mankhwala musatsukire mumtsinje, ndipo khola ndi chimbudzi zikhale patali.

Wina wafunsanso ngati matope ouma ochotsedwa m'madamu angakhale manyowa. Inde, bola akhale ouma pa mulu chaka chathunthu kapena kupitirira, ndipo muwakwirire m'dothi musanabzale. Ngati suwejiyo imalandiranso madzi a m'mafakitale, musawatenge asanayezedwe.