Lole ikatitimira kutsidya kwa malire muli nokha

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: momwe geni yokapikula mbewu ndi kachewere kutsidya kwa malire, ku Mozambique, imayendera m'dzinja, komanso chomwe mungachite lole yanu ya matani 3 ikatitimira inu muli nokha, opanda mnyamata wokuthandizani. Kunena zoona, ili ndi funso limodzi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi katundu amakwera mtengo m'tauni, pomwe kumidzi ya mkati, monga cha ku Tsangano ndi Angonia kapena kuseri kwa Milange ndi Mandimba, ogula amachepa chifukwa galimoto zambiri zimathera pa tala. Kusiyana kwa mitengo komwe kwakukopaniko ndi malipiro a matope. Walira mvula walira matope, ndiye matopewo muwawerengere mu mpamba wanu monga momwe mumawerengera dizilo ndi msonkho.

Za mapepala sindichulutsa. Ingodziwani kuti Mozambique sili mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kuno, ndipo Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto ya m'maiko a bungweli imene imakuyenderani ku Zambia, ku Mozambique siigwira ntchito, inshuwalansi mumagula pa boda. Mapepala onse akhale m'jumbo yomanga bwino pamalo okwera m'kabini, chifukwa tsiku lomwe mudzatitimire manja anu adzakhala matope okhaokha.

Tsono pa nkhani yeniyeniyo. Galimoto ikaima matayala n'kumangozungulira, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Tayala lozungulira pamalo amodzi ndi khasu, likudzikumbira dzenje lokha, ndipo mano ake amadzaza matope mpaka lisalale ngati botolo. Ntchito yomwe ikanatha mphindi 20 imasanduka ya tsiku lonse chifukwa cha kuponda moto katatu kowonjezera. Zimitsani injini, tsikani, zungulirani galimoto, gwadani ndithu musuzumire kunsi.

Chomwe mukufuna kudziwa ndi ichi: kodi yaterera kapena yatitimira? Mankhwala a ziwirizi ndi otsutsana, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Pa katondo wofiira wa m'zitunda, monga m'misewu ya fumbi ya ku Dedza ndi Ntcheu, pamwamba pamakhala poterera ngati sopo koma pansi n'polimba. Tayala limazungulira lili pamtunda, silinalowe. Apa kulemera ndi bwenzi lanu: lole yopanda katundu ndi imene imavina kwambiri pa katondo, ndipo mukatsitsa matumba mwawonjezera vuto. Pa makande akuda ndi m'madambo, monga kuchigwa cha Shire kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa, zili mwina. Pamwamba pamaoneka pouma, pang'aluka ndi dzuwa, koma pansi ndi phala. Tayala limalowa mpaka limu, ndipo kulemera kulikonse kumalikankhira pansi. Tengani ndodo mubaye pafupi ndi tayala. Ikagunda polimba isanalowe kutalika kwa chikhatho, mwaterera. Ikangolowa osamva pansi, mwatitimira.

Ngati yaterera, palani matope oterera aja ndi fosholo kutsogolo kwa matayala akumbuyo mpaka mufike polimba, mtunda wa mamita 3 kapena 4. Thiranipo mchenga, timiyala kapena zidutswa za njerwa. Sunthani matumba ena kuchoka kutsogolo kwa bodi kuwaika pamwamba pa matayala akumbuyo, poti ndiwo akukoka. Ikani giya yachiwiri, osati yoyamba, chifukwa yoyamba ili ndi mphamvu zambiri ndipo imangozunguza tayala. Siyani kilatchi pang'onopang'ono, moto wochepa, chiwongolero chili chowongoka. Matayala akutsogolo akapindika amagwira ntchito ngati pulawo. Ikasuntha musaime kuti mutole zida, pitirirani mpaka pouma, zidazo muzibwerera wapansi.

Ngati yatitimira, yang'anani difu, chibulunga cha pakati pa ekiselo ya kumbuyo chija. Difu ikakhala pa matope, galimoto yakhala pamimba, ndipo matayala sakunyamulanso kulemera. Ngakhale mutaika miyala yochuluka bwanji, sigwira mpaka mimbayo itamasuka. Izi zimachitika kwambiri m'mikwaso yosiyidwa ndi malole akuluakulu ndi mathirakitala: mikwasoyo n'njakuya, mtumbira wa pakati n'kukhala wautali kuposa mpata wa pansi pa difu yanu. Kumbani ndi khasu pansi pa difu, pa masipuling'i ndi pa ekiselo ya kutsogolo mpaka muone kuwala mbali inayo. Khasu limaposa fosholo pa makande, chifukwa dothilo limakakamira pa fosholo. Kenako kumbani kanjira kotsetsereka pang'ono kutsogolo kwa tayala lililonse, mbali yomwe mukufuna kutulukira. Kawirikawiri mbaliyo ndi ya kumbuyo komwe mwachokera, poti kumeneko mukudziwa kale kuti pansi panakunyamulani. Madzi akamadzaza m'dzenje, temani kangalande kowataya, apo ayi mukukumba phala lomwe likubwerera.

Apa ndi pofunika kutsitsa katundu. Matani 3 ndi matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo munthu mmodzi satsitsa onsewo n'kukhalabe ndi mphamvu zokumba. Yambani ndi 15 kapena 20, a mbali yomwe yalowa kwambiri. Musawaike pa dothi. Yalani mitengo pansi, matumba pamwamba, lona pamwamba pake. Chimanga kapena nyemba zikanyowa zimagwira nkhungu, kachewere wonyowa amaola asanafike ku Limbe, ndipo phindu lonse lathera pomwepo ngakhale galimoto ituluke bwinobwino.

Ntchito ya jeke ndiyo imatulutsa galimoto zambiri, ndiponso ndiyo imavulaza anthu. Jeke pa matope salimba popanda thabwa, amangolowa pansi m'malo mokweza galimoto. Muziyenda ndi thabwa lokhuthala masentimita 5, lalikulu ngati mpando wa ndalema. Kumbani malo athyathyathya pansi pa ekiselo, pafupi ndi pomwe masipuling'i amangidwira, ikani thabwa, jeke pamwamba pake. Mukakweza pa chasisi, masipuling'i amangotambasuka tayala lili pomwepo. Musanakweze, tsekerani matayala ena ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Izi musazitenge mwachibwana: pa malole ang'onoang'ono ambiri, monga Canter, handibuleki imagwira shafiti kuseri kwa giyabokosi, siigwira matayala. Mukangokweza tayala limodzi la kumbuyo, difu imalola linalo kugubuduka, ndipo galimoto imatha kusuntha handibuleki ili chikokere. Kwezani pang'ono, ponyani miyala m'dzenje la pansi pa tayala ndi fosholo kapena kukankha ndi mtengo, osati ndi dzanja. Tsitsani, tayala litsendere miyalayo, kwezaninso, wonjezerani. Kawiri kapena katatu tayala limafika pa mulingo wa msewu. Mutu, mkono kapena mwendo zisalowe pansi pa galimoto ili pa jeke. Muli nokha, palibe wokuchotsanipo.

Pansi pa dzenje muyambe ndi miyala ikuluikulu, pamwamba ing'onoing'ono. Nthambi muziyala mopingasa msewu ngati makwerero, zikhale zokhuthala ngati mkono. Udzu ndi masamba a nthochi n'kutaya nthawi, zimaterera kuposa matope amene. Matumba akutha odzaza mchenga theka amagwira bwino. Pa lole ya matayala awiriawiri kumbuyo pali njira ina yakale: chotsani matope omwe atsekera pakati pa matayala awiriwo, tengani mtengo wowongoka wa mamita 3, wonenepa ngati ntchafu, mulowetse nsonga yake mu mpata wa pakati pawo pansi, mtengowo utagona molunjika komwe mukupita. Matayala amaupana n'kukwera pamwamba pake ngati sitima pa njanji. Chitani mbali zonse ziwiri, chifukwa difu wamba imapereka mphamvu ku tayala lomwe likuzungulira mosavuta. Mukakonza mbali imodzi yokha, mbali inayo izingozungulira, yokonzedwayo ili phee.

Za kuchepetsa mpweya m'matayala mudzamva zambiri. Pa pikapu zimathandiza ndithu: kuchoka pa 2.5 bar (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kufika cha pa 1.5 tayala limatambasuka n'kugwira malo aakulu. Musatsike pansi pa 1, tayala lingavuke pa limu. Koma pa lole yodzaza ya matayala awiriawiri, ine sindikulimbikitsani. Akaphwa amakhudzana m'mbali n'kumatentha, ndipo ngati ali a chubu valavu imatha kuduka. Ndipo musaphwetse tayala ngati mulibe pampu, chifukwa kuyenda pa tala ndi tayala lophwa katundu ali pamwamba ndi kuliwononga. A pikapu ya 4x4 yakale akumbukire kutsika kukatembenuza mahabu, tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo, kuchoka pa FREE kupita pa LOCK. Ambiri amaika giya ya 4x4 m'kati n'kumadabwa kuti akutsogolo sakukoka.

Kugwedeza galimoto, giya yachiwiri kenako livesi mobwerezabwereza, kumagwira ntchito pokhapokha ikusuntha ngakhale pang'ono. Yesani kanayi kapena kasanu. Mukamva fungo lopsa ngati la labala, kilatchi ikupsa, lekani. Kilatchi ikathera kumudzi wa kutsidya kwa malire, mwagula vuto loposa matope: makaniko, sipeya ndi masiku angapo katundu ali panja.

Zonsezi zikakanika, chatsala n'kukoka. Chida chabwino kwa munthu woyenda yekha ndi chokokera cha manja cha matani 3, chija chopukusa ndi chogwirira, pamodzi ndi chingwe cholimba cha mamita 20. Mangani pa ngowe yokokera kapena pa chasisi penipeni. Bampa imazuka, ndipo zitsulo za chiwongolero zimapindika. Mbali inayo mangani patsinde pa mtengo waukulu ngati wa mango, m'munsi pafupi ndi dothi. Popanda mtengo, kwirirani tayala la sipeya: kumbani dzenje lakuya mita imodzi, pa mtunda wa mamita 10 kapena kuposa, imikani tayalalo mopingasa litapendekera kutali ndi galimoto, chingwe chidutse pakati pa limu chitamangidwa ku chitsulo kapena mtengo wolimba kuseri kwake. Temani kangalande kopapatiza kuti chingwe chituluke chogona, chifukwa chikakwera m'mwamba chimangozula tayalalo. Kwirirani, pondani zolimba. Ponyani thumba lonyowa pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwe pansi m'malo mokukwapulani, ndipo inu muime pambali. Giya ikhale pa nyutulo, handibuleki yomasula, mwala uli kumbuyo kwa tayala. Kokani theka la mita, sunthani mwala, kokaninso. Ikani mwala wina kutsogolo pomwe mukufuna iime, poti m'kabini mulibe woponda buleki. Chokokera chimenechi sichizula lole yokhala pamimba, chimangomalizitsa ntchito yomwe khasu ndi jeke zayamba.

Paja ndati muli nokha, koma m'misewu imeneyi simukhala nokha nthawi yaitali. Anyamata a m'mudzi amafika. Ku Angonia Chichewa chimamveka bwinobwino, ku Mandimba Chiyao chimathandiza. Gwirizanani mtengo asanagwire galimoto, mtengo wa gulu lonse, wolipira ikafika pouma, ndipo mulankhule ndi mmodzi yemwe ena akumumvera. Mukapanda kutero, okankha anali 6 koma olandira adzakhala 15. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono za dziko lomwe muli, zosiyana ndi thumba la mpamba, musatulutse mpukutu wonse pagulu. Njerwa za munthu ndi mitengo ya m'munda mwake muzipempha kaye. Ndipo musalambalale chithaphwi podutsa m'munda: dothi lolimidwa ndi lofewa kuposa msewu, mudzatitimira pamenepo ndi mlandu wa mbewu pamwamba.

Ikatuluka, musathamangire boda. Popani matayala. Chotsani miyala yomwe yapanika pakati pa matayala awiriawiri, imadya m'mbali mwa tayala mpaka liphulike. Pondani buleki kangapo mukuyenda pang'onopang'ono kuti iume. Tsukani radiyeta ngati yamatidwa, apo ayi injini itentha pa chitunda choyamba. Matope ouma m'kati mwa malimu amanjenjemeretsa chiwongolero, akokoteni. Ngati difu inamira m'madzi, tsegulani muone oyilo mukafika. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, sinthani. Injini ikazima muli m'madzi akuya musayese kuliza, yambani mwatsegula fyuluta ya mpweya. Ikakhala yonyowa, madzi angakhale alowa mu injini, ndipo kuliza kumapinda zitsulo za m'kati.

Pa kawerengedwe ka geni, m'dzinja musadzaze matumba 60 m'msewu wa fumbi. Matumba 40 kapena 45 amadutsa pomwe 60 akanakhala. Lowani m'mawa dzuwa litaumitsako msewu, mutuluke mvula ya masana isanagwe, podziwanso kuti zipata zing'onozing'ono za m'malire zimatseka madzulo. Malo okayikitsa yambani mwawayenda wapansi ndi ndodo, ndipo funsani a kabaza omwe akuchokera komwe mukupita, iwo amadziwa pomwe pamira galimoto dzulo. Mvula ikakhala ya mvumbi masiku awiri atatu, amalonda ozolowera salowa n'komwe. Amaimika lole pa tala kapena pa msika wa m'malire ngati Lizulu, n'kugwirizana ndi a ngolo ndi a njinga kuti katundu atuluke yekha, kulipira pa thumba. Musananyamuke, yerekezani ndalama ya pa thumbayo ndi mtengo wa kilatchi yatsopano ndi wa matumba 20 onyowa, muone nokha yomwe ikuchepa.