Msuweni, siya kaye chigubucho

Eee, halo... ikujambula kodi iyi? Eya, ikujambula. Azakhali, ngati mukumvera nawo, mwaswera bwanji kumeneko. Za zija sindinaiwale, ndikuimbirani Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.

Ndiye msuweni, funso lako ndaliona. Akuti akupatsa bedi m'munda wachitsanzo wa maluwa uko ku Houston, mzinda wa ku Texas, tsiku loti anthu adzaone mundawo latsala masabata 6, ndiye ukufuna dzina la duwa lomwe ma fire ant, nyerere zoluma ngati moto zija, amadana nalo kuti udzale m'mbali, nyererezo zithawe. Hmm. Duwa. Iweyo? Ine ndimakudziwa kuyambira ukuyenda chimbulanda pabwalo pa agogo. Chithunzi watumizachi ndachikulitsa, mayi. Pakakolo pako pali timatuza toyera, ndawerenga tokwana teni. Ndipo kuseri kwa wilibala kukusuzumira chigubu chofiira. Chigubu chofiira kuno ndi cha petulo, usandinamize kuti ndi cha madzi. Iwe sukufunsa za duwa. Ukufuna wina m'gulu muno anene kuti thira, kenako udzati ndi uje anandiuza.

Magazi satayika, eti. Haha. Ayi dikira, ndikuuze kaye za malume aang'ono, bambo ako aang'ono aja. Iwe nthawi imeneyo unali kwa agogo ako ena aja, chaka chija cha mlandu wa mbuzi, ndiye nkhaniyi unangoimva ya m'maluwa, ndipo amene anakuuza anaichepetsa.

Atapuma ntchito ku Zomba kuja anabwera kumudzi ndi zinthu ziwiri: sizasi yaikulu yodulira heji, ndi timitengo ta marozi atatikulunga m'saka yonyowa. Ku Ntcheu, anthu ali kalikiliki ndi kachewere ndi kabichi, iwo akudzala maluwa. Anthu ankadutsa n'kumafunsa kuti kodi achimwene, ndiwo zake zimakoma? Iwo osayankha. Koma ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawalande. Heji ankadula atakoka chingwe, pamwamba kuchita kusalala ngati tebulo, m'munsi motambalala pang'ono kuposa pamwamba kuti dzuwa lizifika ku masamba apansi. Marozi ankadulira mu Julaye, nthambi iliyonse kusiya maso atatu kapena anayi, kudula mopendeketsa pamwamba pa diso loyang'ana kunja, kuti mphukira isalowe m'kati mwa chitsamba. Zitosi za nkhunda zawo sankathira zaziwisi, ankati zimawotcha mizu, ankayamba aziunjika ndi masamba miyezi ingapo. Munthu waukhondo, wodekha. Mpaka usiku wa linthumbu.

Munali mu Januwale... kaya Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osakata. Pakati pa usiku nkhunda zinayamba kuphupha m'khola. Malume kutuluka ndi tochi, anapeza mzere wakuda, waukulu ngati lamba, wachokera kudambo, wadutsa pansi pa heji, wakwera mzati wa khola. Maunda anali atayamba kale kudyedwa. Azakhali akazi awo anati tengani phulusa lamoto muwaze kuzungulira mizati ndi pakhomo, linthumbu likhota lokha. Malangizo abwinobwino. Iwo anati phulusa ndi la azimayi. Anakatenga botolo la palafini wa nyali, kuthira mzere wonse kuyambira pakhola mpaka pa heji, kenako kuyatsa muuni wa udzu.

Msuweni, heji uja pansi pake panali zodulidwa za miyezi itatu zomwe mvula sinkazifikira. Unangoti lawi! Moto unatsata palafini kubwerera kukhola, khola ndi la udzu, kuchoka apo unanyambita denga la khitchini. Ndipo poti iwo anaima pamzere penipeni, linthumbu linali litakwera kale m'buluku. Paja limadikira lifike pabwino ndiye liyambe kuluma. Anthu akubwera ndi ndowa, anapeza bambo aulemu wawo akuvina opanda buluku, nsidze kulibe, apongozi awo ataima potero ndi chitenje kukamwa. Amayi amati agogo anangoti, "Zimitsani moto, za mwana wangayo musaziyang'ane."

Kutacha, linthumbu kulibe. Ndipo mpaka lero, ukawafunsa, amati ndinalithamangitsa ndine. Haha! Chonsecho linthumbu ndi mlendo, limadutsa posaka chakudya, likamaliza limapita. Likanapita ngakhale akanangogona. Anataya heji, nkhunda, ndi theka la khitchini pothamangitsa chinthu chomwe chinali kale paulendo. Aliyense m'gulu muno asawatumizire voice note iyi, chonde, ndikufunabe mbuzi yanga ija.

Koma nkhani siinathere pomwepo, ndipo mbali iyi ndi yomwe anthu amaisiya. Chaka chotsatira chiswe chinamanga chulu pafupi ndi marozi, chikudya mizu. Iwo kugumula ndi khasu, mawa lake chamangidwanso. Kuthira madzi otentha, chamangidwanso. Mwezi wathunthu. Agogo ndi amene anawauza kuti mukulimbana ndi antchito, mwini wake ali pansi. Anaitana anyamata awiri, anakumba tsiku lonse mpaka anapeza kachipinda kadothi kolimba, kuswa, m'kati muli manthu wa chiswe, woyera, wonenepa ngati chala chachikulu. Atamuchotsa, chulu chinazizira chokha.

Ndiye... ndimati chiyani? Eya. Nyerere zakozo.

Si linthumbu zimenezo. Sizikudutsa, zimakhala pomwepo. Kwawo ndi ku South America, zinalowa muno mu United States pa doko la Mobile ku Alabama m'zaka za m'ma 1930, ndipo boma lalimbana nazo ndi ndege zomwe, zilipobe. Ndiye iwe ndi chigubu chako... Kachulu kamodzi kamakhala ndi antchito oposa 100,000, manthu wake amaikira mazira mazanamazana patsiku, ndipo ku Texas timachulu tambiri timakhala ndi amanthu angapo. Kadothi ukuona pamwambako ndi denga chabe, ndiye chifukwa chake kalibe bowo pakati. Njira zawo zili pansi, zimakatulukira kutali. Ukathira petulo upha zapamwamba, upha dothi, upha mizu ya maluwa a anzako, ndi zoletsedwanso, ndipo manthu amunyamula n'kukamanga mamita awiri kuchokera pomwepo. Madzi owira nawo, alangizi a yunivesite ya Texas A&M amati malita ngati 11 pa kachulu kamodzi amapha mwina timachulu 6 pa 10 tiliwonse, koma chomera chilichonse chili pafupi chimapsa. M'bedi la maluwa ayi.

Duwa lozithamangitsa kulibe. Ndanena. Ena akuuza za minti, ena marigold, ena akuti waza misere ya chimanga zikadya zitupe mimba. Bodza. Nyerere zazikuluzo sizimeza chakudya cholimba, zimapititsa kwa mphutsi zawo, mphutsi n'kusungunula, kenako onse kugawana mpaka kwa manthu. Ndiye nzeru yake ili pomwepo: manthu sungamukumbe ngati wa chiswe, koma ungamutumizire chakudya, antchito ake omwe akamuperekere. Nyambo.

Nyambo yake ndi timisere ta chimanga tonyika m'mafuta a soya, muli mankhwala ochedwa kupha. Kuchedwako n'kwadala, kuti yonyamula isafere panjira. Pogula usayang'ane chithunzi cha papaketi, werenga dzina la mankhwala. Ya hydramethylnon, monga Amdro, imatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo. Ya indoxacarb, monga Advion, imagwira mkati mwa sabata. Ya methoprene imatseketsa manthu kubereka, ndi yabwino koma imatenga miyezi iwiri kapena kuposa, pa masabata ako 6 siikuthandiza payokha. Ngati pafupi pali bedi la ndiwo, therere makamaka, paja zimakonda maluwa a therere zimenezi, pamenepo gwiritsa ya spinosad kapena ina yomwe papaketi alemba kuti ndi yololedwa pa zakudya. Amdro pa ndiwo ayi.

Usanawaze, yesa kaye. Ponya kachipisi ka mbatata kapena kachidutswa ka soseji paudzu, ubwere pakatha mphindi 30. Ukapeza zaunjikana, ndiye kuti zikusaka, waza. Ukapeza palibe, sunga nyambo yako. Zimasaka dothi likafunda, madigiri 21 mpaka 32... aa, iwe unazolowera kale za kuno za Fahrenheit, 70 mpaka 90. Kukatentha kwambiri dikira madzulo. Udzu ukhale wouma, mame atakamuka, mvula isakhale ikubwera tsiku limenelo, ndipo uza amene amayang'anira mipope yothirira atseke mpaka mawa lake. Nyambo ikanyowa yatha ntchito.

Muyezo ndi pomwe anthu amalakwitsa. Paundi imodzi mpaka imodzi ndi theka pa ekala. Ekala yathunthu, msuweni. Malo a mamita 10 mulitali 10 mulifupi ndi magalamu ngati 15, osadzaza n'chikhatho chomwe. Tenga kofesera kam'manja kopukusa kaja, tsegula kabowo kochepetsetsa, yenda mwachangu. Ukamaona nyambo pansi ngati wamwaza feteleza, wachulutsa. Ndipo usawaze m'bedi lako lokha, waza kapinga yense wozungulira ndi m'mbali mwa njira, chifukwa zimayenda mamita 30 kukasaka. Choncho uyankhule ndi oyang'anira mundawo kaye, mwina ali kale ndi tsiku lawo lowaza, iwe usakhale ngati malume pa munda wa gulu. Kachulu usakaponde, usakagumule, usathire nyambo pamwamba pake. Zikasokonezeka zimasiya kudya, zimayamba nkhondo. Paketi ikhale yatsopano, mafuta aja akapanga fungo lachiwisi zimakana. Ndipo usaisunge pafupi ndi feteleza kapena... eya, chigubu chako chija, imatenga fungo.

Pakatha sabata, timachulu tomwe tili panjira podutsa alendo ndi ana, tokhato, ndi tomwe uthire mankhwala amadzi. Malita 4 mpaka 8 pa kachulu, ndi kheni, m'mawa dzuwa litangofunda pamene zakwera pamwamba ndi ana awo. Kuyamba kuzungulira m'mbali, kumalizira pakati. Kuthira kapu imodzi ndi kungozisamutsa.

Za maluwa, poti unafunsa, ndisakumane. Dothi la Houston ndi makande, limasunga madzi, kweza bedi masentimita 20 kapena 30. Kumbuyo ika esperanza, wachikasu uja, kapena firebush. Pakati salvia, motalikirana theka la mita. Kutsogolo pentas, masentimita 30, agulugufe amamukonda, ndipo kwawo ndi kum'mawa kwa Africa, ndi m'bale wako. Plumbago wabuluu ndi wa ku South Africa, mpatse mita yathunthu, amatambalala. Lantana... usaseke. Inde, yemwe uja timalimbana naye m'malire a minda kwathu, kuno amagulitsa pa madola. Tenga wa New Gold, sabereka njere zambiri. Mphika uliwonse ukagula, ugogode pansi kaye usanaulowetse m'galimoto, nyererezi zimakwera ulere m'miphika. Zophimbira dothi masentimita 7, zisakhudze tsinde. Ndipo ukaona nyerere zikukwera chomera, tembenuza tsamba. Upeza nsabwe kapena kodikodi, zimaziweta ngati ng'ombe chifukwa cha timadzi totsekemera. Tsuka nsabwezo ndi madzi amphamvu a paipi kapena sopo wake wa zomera.

Phazilo, matuzawo usaphulitse, ndi pomwe pamalowa matenda n'kusiya zipsera. Sambitsa ndi sopo, ikapo ayezi. Zikakukweranso, zipukute ndi dzanja msangamsanga, usathire madzi, zimaluma ndi mano kugwiririra kenako kubaya ndi mbola mobwereza. Jombo, masokosi pamwamba pa buluku, magolovesi, ndipo pa mpini wa fosholo upake paudala wa ana, zimaterereka. Koma ukadzamva kubanika, milomo kapena nkhope kutupa, chizungulire, imba 911, nambala ya zadzidzidzi, osati kulemba m'gulu muno kuti azakhali akupempherere kaye. Pepani azakhali.

Ndiye wamva? Duwa lozithamangitsa kulibe, moto sufika kwa manthu, mtumizire nyambo udikire. Ukawaza sabata ino, pofika tsiku la alendo zidzakhala zitachepa kwambiri. Kutheratu ayi, zimabwerera, amanthu atsopano ouluka amatera mvula ikagwa, ndiye muzidzawazanso chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, kenako chaka chamawa nthawi ngati ino.

Aa, batire yafiira. Msuweni, ndikubwereza chifukwa ndimakudziwa: nyambo, youma, yochepa, pamalo ponse, kachulu osakakhudza. Ukafika kusitolo jambula kuseri kwa paketi unditumizire usanalipire. Ndipo chigubucho bwezera m'galaja lero lomwe, unditumizirenso chithunzi chili pa shelefu, nsidze zako ndizione zonse ziwiri.