Kochi wopambana masewero 9 chaka chilichonse angachotsedwe bwanji ntchito?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akukhala ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska ku America. Akuti: "Anzanga a kuntchito sakamba zina koma mpira wa pa yunivesite, wothamanga nawo m'manja uja. Wina akuti kochi wabwino amaoneka ndi masewero amene wapambana pa sizoni, basi. Nanga bwanji Bo Pelini, kochi wa timu ya yunivesite ya Nebraska, anamuchotsa pomwe sanatsikepo pa 9?"

Achimwene, mwafika pamalo pomwe nkhaniyi imapweteka kwambiri. Ku Nebraska nambala ya 9 ili ndi mbiri yake. Tom Osborne anaphunzitsa timuyi kwa zaka 25 ndipo panalibe sizoni imene anapambana masewero ochepera 9. Anatenganso ukatswiri wa dziko lonse mu 1994, 1995 ndi 1997. Ndiye kwa anthu amene anakula akuona zimenezo, 9 ndi poyambira chabe, si chinthu choti n'kuvinira.

Pelini anatsogolera timuyi kuyambira 2008 mpaka 2014. Pa zaka zimenezi anapambana 66, n'kugonja 27. Papepala, munthu wotere umamuwonjezera malipiro. Koma tafunsani anzanuwo za Disembala 2012, pomwe timu ya yunivesite ya Wisconsin inawasambitsa chokweza ndi mapointi 70 kwa 31 pa ndime yomaliza ya ligi yawo ya Big Ten. Kapena za Novembala 2014, pomwe Wisconsin yomweyo inawakwapula 59 kwa 24, mnyamata mmodzi, Melvin Gordon, n'kuthamanga mayadi 408 ngati pabwalo palibe anthu. Muona nkhope zikusintha. Pelini ankagonjetsa amene anayenera kuwagonjetsa, koma akakumana ndi akuluakulu anzake zinkavuta, ndipo chikho cha ligi sanachigwirepo. Kupsa mtima kwake m'mbali mwa bwalo nakonso sikunamuthandize.

Vuto la kuwerenga kotereku lili m'mene mpirawu unakonzedwera. Mu ligi ya mpira wamiyendo aliyense amakumana ndi aliyense kawiri, ndiye mapointi a pamapeto sanama kwenikweni. Koma mu mpira wa pa yunivesite ku America, matimu a gawo lapamwamba ndi opitirira 130, koma iliyonse imasewera masewero 12 okha isanafike ndime zomaliza. Pa 12 amenewo, atatu kapena anayi sukulu imasankha yokha woti isewere naye. Masukulu olemera amalipira timu yaing'ono ndalama zambiri, nthawi zina kupitirira madola miliyoni imodzi, kuti ibwere idzagonje pakhomo pawo. Kupambana kogula kumeneku kumalembedwa mofanana ndi kugonjetsa timu yamphamvu ngati Ohio State kwawo. Inde, nthawi zina mlendo amakana kuphedwa: mu 2007 Appalachian State inachititsa manyazi Michigan 34 kwa 32 pabwalo la Michigan lomwe. Koma zimenezi timazikumbukira chifukwa sizichitikachitika.

Komanso sizoni inatalika. Masewero 12 anakhazikika mu 2006, kale anali 11. Ndiye 9 wa lero ndi wopepukirapo kuyerekeza ndi wa nthawi ya Osborne.

Chimene chimandisokoneza kwambiri ine ndi kuweruza kochi pa chaka chimodzi chokha. Osewera amakhala zaka zinayi kapena zisanu n'kumapita, choncho kochi watsopano amakolola m'munda umene analima wina. Larry Coker anapeza timu ya Miami yodzaza ndi akatswiri amene anasonkhanitsa kochi amene anamulowa m'malo, Butch Davis, n'kupambana onse 12 mu 2001. Pofika 2006 anamuonetsa msana wa njira. Gene Chizik anapambana 14 osagonja ku Auburn mu 2010 ali ndi katswiri wosewera Cam Newton. Newton atapita, patangotha zaka ziwiri anapambana atatu okha, ntchito n'kutha. Pomwe Nick Saban chaka chake choyamba ku Alabama, mu 2007, anagonja kasanu ndi kamodzi, mpaka kwa Louisiana-Monroe. Akanamuweruza pamenepo, zikho zisanu ndi chimodzi zimene anadzabweretsa pasukulupo bwenzi kulibe.

Amene ndimamuvulira chipewa ndi Bill Snyder. Anafika ku Kansas State mu 1989 timu itasewera masewero 27 otsatizana osapambana ngakhale amodzi. Chaka choyamba anapambana amodzi, chachiwiri 5, chachitatu 7. Asanu a Snyder mu 1990 aja ndi ntchito yaikulu kuposa 10 ya kochi wa sukulu imene ana aluso amachita kudzipereka okha. Lero sitediyamu ya kumeneko imadziwika ndi dzina la banja lake.

Komabe mnzanu uja musamutsutse kwambiri, ali ndi mfundo. Sizoni imodzi imanama, koma zisanu ndi ziwiri zotsatizana sizingakhale mwayi wokha. Nebraska inachita kuphunzira izi ndi misozi. Anachotsa Frank Solich mu 2003 atapambana 9, anachotsa Pelini mu 2014 atapambana 9. Mike Riley anabwera n'kupambana 19, kugonja 19 pa zaka zitatu. Kenako Scott Frost, mwana wa pakhomo amene anawapatsa chikho ali wosewera mu 1997, anapambana 16 n'kugonja 31, ndipo anachotsedwa mu 2022 atagonja kwa Georgia Southern. Yunivesite ya Georgia (osati Georgia Southern) inachita zofanana mu 2015, kuchotsa Mark Richt atapambana 9, koma iwo zinawayendera: Kirby Smart anawapatsa ukatswiri mu 2021 ndi 2022.

Ine ndikanakhala bwana wa zamasewero ku Lincoln mu 2014, Pelini sindikanamuchotsa ndisanadziwe bwinobwino amene akubwera m'malo mwake. Mukakapuma nkhomaliro Lolemba, kamufunseni mnzanuyo kuti pa 9 a Pelini a mu 2014 aja, atchule atatu okha amene akuwakumbukira.