Mwana wanu anamaliza chilango, sukulu ilibe mphamvu yomupatsa china

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Mwanena kuti mwana wanu wa zaka 23 watuluka kundende atakhalako zaka zitatu pa mlandu wakuba, kuti ali komweko anakhoza JCE n'kuyamba Fomu 3, koma mutapita naye pa sukulu ya boma ya open kwanuko ahedi anakubwezani pakamwa, ati makolo ena sangakondwe. Mukufunsa ngati lamulo likuwalola kutero.

Khothi linagamula zaka, zakazo zatha. Palibe lamulo lonena kuti munthu amene anakhalapo m'ndende asalowenso m'kalasi. Gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko lino, a 1994 aja, limapereka ufulu wa maphunziro kwa munthu aliyense, ndipo silipatula amene anamangidwapo. Ngakhale akadali mkati, gawo 42 limalamula boma kupatsa mkaidi zowerenga ndi zolembera. Ngati lamulo limamulola buku ali m'selo, lingamulande bwanji ali kwawo? Gawo 20 nalo limaletsa tsankho. Kunena zoona, mawu akuti mkaidi mulibemo mu mndandanda wake, koma mndandandawo umathera ndi mawu okhudza mkhalidwe wina uliwonse wa munthu, ndipo loya angaimire pamenepo.

Komabe ndisakunamizeni. Ufulu wa maphunziro sukakamiza sukulu kulandira munthu ngati malo atha kapena nthawi yolembetsa yadutsa. N'chifukwa chake chimene ndikufuna kwambiri kuno si mkangano, ndi pepala. Ahedi a sukulu ya boma ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo gawo 43 limati akapanga chiganizo chokhudza ufulu wa munthu ayenera kupereka zifukwa zake molemba. Bwereraniko ndi kalata yopempha malo. Ailembe ndi kuisaina mwana wanu mwini, pakuti ndi wamkulu ndipo ufuluwu ndi wake, osati wanu. Ikhale ziwiri: imodzi isiyidwe ku ofesi, inayo aidinde chidindo cha sukulu ndi deti n'kukubwezerani. Kumapeto kwake alembe kuti ngati akanidwa akupempha chifukwa chake molemba. Pa ntchito yangayi ndaona kuti mawu amene munthu amayankhula momasuka pakhonde, akauzidwa kuti awalembe ndi kusainira amayamba kaye wakanda m'mutu. Nkhani zambiri zimathera pomwepo.

Asanapite, asonkhanitse mapepala ake. Zotsatira ndi satifiketi MANEB imatumiza ku senta komwe munthu analembera mayeso, ndiye kuti JCE yakeyo mukaifunse ku sukulu ya kundende ija. Apemphenso kalata kwa oyang'anira maphunziro kumeneko yosonyeza kalasi imene analekezera, ndipo asunge bwino chikalata chimene anatulukira nacho. Ndikudziwa kuti ambiri safuna n'komwe kuonanso geti lija, mtima umangoti phwii akalitulukira. Mupite naye limodzi, kapena mupemphe a bungwe la PASI, lothandiza omangidwa pa nkhani za malamulo, omwe amalowa m'ndende kawirikawiri, akuthandizeni kulondoloza. Chiphaso cha unzika nacho chikhale m'thumba.

Sukulu ikakana molemba, kapena ikangokhala chete, dandaulo lipite ku ofesi ya maphunziro ya Division, yomwe imayang'anira sukulu za sekondale m'dera lanu. Zikakanika kumeneko pali ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma popanda kulipiritsa, komanso Malawi Human Rights Commission popeza nkhaniyi ndi ya tsankho. Khothi lalikulu lingathe kuunikanso chiganizo cha ahediwo, koma pempho lotere liyenera kulowa miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku la chiganizocho, ndipo m'pamene deti ya pa chidindo ija imagwira ntchito. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Ine ndingakonde khothi likhale lomalizira. Milandu imachedwa, pamene chaka cha sukulu sichidikira munthu.

Pa chifukwa chomwecho, musaike mtima wonse pa sukulu imodziyo. Sukulu za open zilipo zambiri, ndipo MANEB imalola munthu kulemba MSCE ngati external kudzera pa senta yovomerezeka. Chachikulu afunse msanga za kalembera, chifukwa amatseka miyezi yambiri mayeso asanafike, ndipo akaphonya ndiye kuti chaka chapita. Ngati maso ake ali ku yunivesite, akumbukire kuti kumafunika ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingelezi. Ngati kundende anagwirako ukalipentala kapena utelala ndipo mtima uli kumeneko, akafunse ku ofesi za TEVETA za makoleji a ntchito zamanja. A Prison Fellowship Malawi nawo ali ndi malo ku Balaka ophunzitsira luso anthu otuluka m'ndende.

Mwafunsanso ngati ndi bwino kungobisa zoti anamangidwapo. Ngati sanafunsidwe, palibe chomukakamiza kuulula kwa anzake a m'kalasi kapena kwa aphunzitsi. Koma fomu ya koleji kapena ya ntchito ikafunsa mwachindunji, ayankhe zoona. Malo ena amafuna chikalata cha kupolisi chomwe amachipereka atatenga zidindo za zala, ndipo bodza likaululika pamenepo amuchotsa chifukwa cha bodzalo, osati mlandu wakale uja, ndipo ine sindidzakhala ndi pomuikira kumbuyo.

Mukalandira yankho la ahedi, kapena pakadutsa masabata awiri kuli zii, bwerani ndi kalata yodindidwa ija tilembere ku Division.