Funsani Ankolo: Galu wangayu ndikamumasulire kuti kuno ku Mulanje?

Ankolo moni. Ine ndimakhala ku Chitakale, ndinabwerako ku Joni chaka chatha komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Kumeneko Loweruka abwana amandituma kukayendetsa agalu awo ku Emmarentia, kuli malo oti ukangofika umamasula chingwe galu nkumathamanga ndi anzake mpaka lilime panja. Pano ndili ndi wanga wa miyezi 10, wamphamvu koopsa, koma amangokhala pa tcheni chifukwa aneba ali ndi nkhuku komanso ana ang'onoang'ono, ndiye usiku amangouwa osagona, pansi pa mpanda wakumba paliponse. Kodi kuno kuli malo ngati aja? Kapena ndizipita naye mu tiyi kaya ku Likhubula akathamange kumeneko? Amuna anga akuti ndayamba misala, galu ndi mlonda basi.

Mayi wa ku Chitakale

Achemwali, misala palibe apa, ndipo alamu angawo muwauze kuti nkhaniyi ikukhudza ulonda womwewo. Galu wongokhala pa tcheni amauwa chilichonse, tsamba, mphaka, njinga yakabaza ikudutsa kumsewu, mpaka m'nyumba monse mumazolowera phokosolo, ndiye tsiku lomwe wakuba wabweradi inu mungotembenuka nkukoka bulangete. Komanso agalu otere ndi amene tcheni ikangoduka amakaluma mwana wa aneba.

Koma paki ya agalu ngati ija munaona ku Joni musavutike kuifuna, pa boma pa Mulanje palibe, pa Luchenza palibe, ku Thyolo nakonso chimodzimodzi. Zinthuzi zinabwera ndi moyo wa m'mizinda ikuluikulu komwe anthu amakhala m'mafulati opanda bwalo, ku America paki yotere yodziwika kuti ndi yoyamba inayamba mu 1979 ku Berkeley, California. Ku Central Park ya ku New York amagwiritsa ntchito nthawi, galu amaloledwa kumasulidwa m'mamawa mpaka 9 koloko ndiponso usiku kuyambira 9 koloko, masana onse akhale pa chingwe. Nzeru ya nthawiyi ndi imene ine ndikuona kuti kuno tingabwereke. Chomwe anthu saona akamasilira malo amenewa ndi choti galu wolowa mmenemo amayenera kukhala wobayidwa katemera komanso woti mwini wake akaitana amabwera. Mpanda ndi zitseko ndi zongothandizira.

Ndiye tiyambe ndi jakisoni. Simunandiuze ngati galuyu anabayitsa wa chiwewe, ngati ayi mwachedwa kale chifukwa amayamba ali ndi miyezi 3 kenako nkumabwereza chaka ndi chaka. Pitani ku ofesi ya zaulimi mukafunse alangizi a ziweto, aja timangoti avetenale, ndipo kapepala komwe akupatseni mukasunge ngati chiphaso cha kusikelo ya mwana, tsiku lina kadzakupulumutsani pa mlandu. Chiwewe kuno kummwera si nthano, nchifukwa chake a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu mu Blantyre mu 2015 mogwirizana ndi a bungwe loteteza zinyama la Blantyre SPCA, cholinga nkumafikira agalu 70 pa 100 alionse poti mukafika pamenepo matendawa amasowa podutsira. Pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse, nyengo imeneyo tcherani khutu pa wailesi. Mukamvanso kuti avetenale alengeza tie-up order, lamulo loti agalu onse amangidwe, musayerekeze kumasula ngakhale pang'ono, woyendayenda amatha kuwomberedwa. Zikachitika kuti galu waluma munthu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira mawa, chifukwa zizindikiro zikangoyamba kuoneka palibenso mankhwala.

Za mu tiyi zija, ndikudziwa mmene zimakopera, ukaima pamsewu nkuona kubiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri umaona ngati bwalo la aliyense. Koma minda ija ili ndi eni ake, kaya ndi Lujeri kuno kaya Satemwa ku Thyolo, ndi malo a makampani ndipo kuli alonda awo. Othyola tiyi amalawirira mbandakucha, nthawi yomweyo inu mukufuna kuyendetsa galu, ndiye taganizani mayi ali ndi dengu kumsana wangoona chigalu chatulukira m'mizere. Tiyi amafika m'chiuno, galu akalowa pansi pake simumuonanso, ndipo pansipo ndi pomwe mphiri imakonda kugona osasuntha, nthawi zina amakhalanso atapopera mankhwala, m'mphepete mwa bulugamu namo anthu ena amatchera misampha ya waya yofuna akalulu. Ngati mwaufunitsitsa msewu wa mu esiteti kapempheni ku ofesi kwawo, akalola yendani mumsewu galu ali pa chingwe.

Kuphiri ndiye ndikukanizani poyera. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Kusaka nyama mmenemo nkoletsedwa, ndipo osaka mozemba amayenda ndi chani? Agalu. Ndiye woyang'anira nkhalango akaona wanuyo akuthamangitsa kanyama sayamba wafunsa ngati munakhalako ku Joni. Kulinso anyani, nyani wamphongo galu mmodzi amamung'amba mosavuta. Mukafuna kukwera naye mpaka pa Dziwe la Nkhalamba yambani mwafunsa ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula pomwepo, zomwe akuuzeni tsatirani, ndipo nthawi ya mvula miyala ija imaterera, madzinso amadzadza mwadzidzidzi.

Nanga mutani? Malo kwathu kuno ndi ochepa, tonse tikudziwa kuti tiyi anatenga gawo lalikulu ndipo kotsalako nkodzadza nyumba, chinangwa ndi nandolo. Chomwe chilipo pafupi ndi aliyense ndi bwalo la mpira. Kalankhuleni ndi amfumu, likakhala la sukulu muonane ndi ahedi, muwaonetse kapepala ka katemera kaja, mupemphe cha m'ma 5 koloko m'mawa ana asanayambe kudutsa, mbuzi zisanatulutsidwe m'khola. Masabata oyamba musamumasuliretu, gulani chingwe cha nayiloni cha mamita 10 pa msika, mumusiye apite kutali kenako muitane dzina lake kamodzi kokha, akabwera mumupatse kausipa kapena bonya amene mwabisa m'thumba, nkumusiyanso apite. Tsiku ndi tsiku choncho mpaka azitembenuka ngakhale pali nkhuku patsogolo pake. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, galu wathawa, tamuitana mpaka mawu kusasa, pobwera tikumulandira ndi ndodo, ndiye iye amaphunzira kuti kubwera nkoopsa, mawa lake sabweranso. Ngakhale mtima ukuwira bwanji, akafika muyamikireni.

Tengani kajumbo kotolera zomwe wachita pabwalopo. Anthu akusekani inde, koma ana amasewera pamenepo opanda nsapato ndipo chimbudzi cha galu chimakhala ndi mazira a njoka za m'mimba, iyenso muzimumwetsa mankhwala ake miyezi 3 iliyonse. Pobwera muyang'aneni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala, dzinja muonenso mphutsi pakhungu. Akakhala wamkazi ndipo ali pa nyengo yofuna amphongo, akhale pakhomo, apo bii agalu a Chitakale yonse akuperekezani mpaka kunyumba. Pakhomopo chotsani tcheni yaifupiyo, mangani waya wolimba kuchoka pa mtengo wa peyala kukafika pa mtengo wina, mulowetse kamphete kachitsulo, tcheni imangidwe ku kampheteko kuti aziyenda uku ndi uku pamthunzi. Ndipo ikadzagwidwa nkhuku ya aneba lipirani tsiku lomwelo musanaitanidwe kwa amfumu.

*

Ankolo, ndili ndi kamalo ku Bvumbwe, mwana wanga wa ku Cape Town akuti nditchinge mpanda anthu azibweretsa agalu nkumalipira pa geti. Ndi bizinesi imeneyi?

Bambo wa ku Bvumbwe, Thyolo

Achimwene, aneba anu sangalipire kuti galu athamange pomwe amathamanga kale ulele. Amene angabwere ndi a ku Limbe ndi Blantyre pa wikendi, poti Bvumbwe ndi pafupi, koma amenewo adzafuna mpanda wautali kufika m'mutu mwa munthu wozikika bwino pansi, zitseko ziwiri zotsatizana kuti wina akamalowa galu asapulumukire kumsewu, mbali ya agalu aang'ono payokha, madzi, mthunzi, ndi munthu woona mapepala a katemera pa geti. Kafunseninso ku khonsolo za chilolezo, ndipo dziwani kuti agalu akalumana pamalo panu dzina lotchulidwa ndi lanu. Yesani kaye kachigawo kakang'ono Loweruka lokha, kabichi ndi tomato wanu musazule.